Midzi ya M'mapiri a Tsangano ndi Macanga: Mbiri ya Malo ndi Alendo Ake

Maboma a Tsangano ndi Macanga ali kumpoto kwa chigawo cha Tete ku Mozambique, pamtunda wokwera womwe umalumikizana ndi mapiri a Dedza ndi Ntcheu ku Malawi n'kutsetserekera kuchigwa cha Zambezi. Tsangano wachita malire ndi Malawi chakum'mawa, ndipo madera ake akuluakulu ndi Tsangano weniweniyo ndi Ntengo-wa-Mbalame. Macanga ali chakumadzulo, likulu lake ndi Furancungo, ndipo dera lake lina ndi Chidzolomondo. Onse awiri ayandikana ndi boma la Angónia, lomwe Tsangano anali mbali yake kufikira 1986. Pa kalembera wa 2007, ku Tsangano kunali anthu pafupifupi 170,000 ndipo ku Macanga kunali oposa 110,000. Ambiri mwa iwo ndi Achewa ndi Angoni, ndipo chiyankhulo chapakhomo ndi Chinyanja.

Masiku ano anthu ogwira ntchito mumzinda wa Tete ndi ku migodi ya malasha ya Moatize amakwera kumidzi imeneyi kukapuma masiku awiri kapena atatu. Ulendo wotere ndi wa posachedwa, koma njira zomwe amadutsa n'zakale, ndipo maonekedwe a midzi yomwe amakaona anaumbidwa ndi alimi, mafumu, nkhondo ndi malire a atsamunda pa zaka mazana angapo.

Dziko ndi nyengo yake

Chomwe chimakokera munthu kumapiriku ndi kusiyana kwa nyengo. Mzinda wa Tete uli pansi, m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Furancungo ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, madera ena a Tsangano ndi okwera kuposa pamenepo, ndipo phiri la Domwe ku Angónia limapitirira mamita 2,000. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo imakhala yochuluka kuposa ya kuchigwa. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, nkhungu imakuta zitunda m'mawa, ndipo m'madambo ena chisanu chimawaula mbewu.

Mitsinje yambiri yoyambira kumtundaku imathira mu Revúbuè, womwe umakalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. M'mbali mwa timitsinje timeneti muli madimba omwe sauma chaka chonse. Ku Tsangano kumalimidwa mbatata ya kachewere, tirigu, nyemba, kabichi, anyezi ndi tomato, ndipo m'makomo ambiri muli mitengo ya mapichesi. Ku Macanga nkhalango za mitengo ya msuku, mombo ndi tsamba zidakalipo m'madera ena, ndipo mbewu zazikulu ndi chimanga, fodya, mtedza ndi soya. Choncho mlendo wopita ku Tsangano amakaona zitunda zolimidwa mpaka pamwamba, pamene wopita ku Macanga amadutsa m'tchire ndi m'mapiri amiyala asanafike pamudzi.

Nthawi ya Amaravi ndi mwambo wa alendo

Asanabwere Angoni ndi Apwitikizi olamulira, dera limeneli linali m'manja mwa mafumu a Amaravi. Chakumadzulo kunali ufumu wa Undi, yemwe likulu lake linali ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, ndipo mafumu ang'onoang'ono ankapereka mitulo kwa iye. Chakumpoto, m'mapiri a Dzalanyama omwe ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, kuli Kaphirintiwa, komwe nthano za Achewa zimati anthu oyamba anatsikira, ndiponso kachisi wa mvula wa ku Msinja yemwe ankayang'aniridwa ndi Makewana. Nthumwi za mafumu zinkayenda mitunda italiitali kukapempha mvula kumeneko.

Mudzi wa Achewa unkamangidwa mozungulira mbumba imodzi, kutanthauza akazi apachibale ndi ana awo, pansi pa mwini mbumba. Mwamuna akakwatira ankapita kuchikamwini. Pamudzi pankakhala bwalo lokambirapo milandu ndi kuvinirapo, nkhokwe pakhomo lililonse, ndi manda okhala ndi mitengo yosadulidwa, omwe pafupi pake pankakhala dambwe la Nyau. Timagulu ta mitengo ikuluikulu timene timaoneka pakati pa minda lero, nthawi zambiri ndi manda otere.

Kunalibe nyumba zolipira zogona alendo. Wapaulendo akafika ankaodira kwa nyakwawa, ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi, kenaka n'kumulonjera kuti anene kochokera ndi kopita. Akakhala mlendo wolemekezeka ankamuphera nkhuku, ndipo ponyamuka ankamumangira kamba wapanjira n'kumuperekeza mpaka kunja kwa mudzi. Mwambi wakuti mlendo ndi mame umafotokoza maganizo a eni mudzi: wobwera sachedwa kuchoka, ndiye kumumana n'kudzichotsera ulemu pachabe. Mwambo umenewu ndi umene wakhala ukusunga apaulendo m'derali kuyambira kale mpaka lero.

Amalonda a golide ndi ufumu wa Macanga

M'zaka za m'ma 1700, Apwitikizi ndi amwenye a ku Goa okhala ku Tete anayamba kuoloka Zambezi kukakumba golide m'dziko la Undi ndi kugula minyanga ya njovu. Mmodzi wa iwo anali Gonçalo Caetano Pereira, wodziwika ndi dzina lakuti Dombo Dombo. Mwana wake Manuel anafika kwa Kazembe ku Luapula mu 1796, ndipo zomwe anasimba atabwerako zinalimbikitsa ulendo wa Francisco de Lacerda, yemwe ananyamuka ku Tete mu 1798 n'kukafera pafupi ndi likulu la Kazembe chaka chomwecho. Ulendo wina wa Monteiro ndi Gamitto unadutsanso m'dziko la Amaravi mu 1831 ndi 1832, ndipo buku la Gamitto lotchedwa O Muata Cazembe, lomwe linatuluka mu 1854, lili m'gulu la zolembedwa zakale zofotokoza midzi, ulimi, usodzi, kusula zitsulo ndi miyambo ya anthu a kumpoto kwa Tete.

Banja la Pereira linakwatirana ndi mabanja a mafumu a derali, ndipo cha m'ma 1840 Pedro Caetano Pereira anali atakhazikitsa ufumu wakewake wotchedwa Macanga m'dziko lomwe kale linali la Undi. Mphamvu za ufumuwu zinali pa asilikali a Achikunda, mfuti ndi malinga, ndipo chuma chake chinali minyanga ndi akapolo. Mafumu ake, monga Chissaka, ankamenyana nthawi zina ndi boma la Apwitikizi ku Tete, nthawi zina ndi banja la da Cruz la ku Massangano kutsidya la Zambezi. Kwa anthu wamba imeneyi inali nthawi yoopsa kuyenda. Midzi yambiri inasamukira m'mapiri kapena kuzingidwa ndi mipanda, ndipo nkhope yachilendo inkaopedwa kaye isanalandiridwe. Ufumuwu unatha mu 1902, pamene Apwitikizi anagonjetsa mfumu yake yomaliza, Chinsinga. Dzina la ufumuwo ndi lomwe latsalira pa bomali.

Angoni ndi malire a 1891

Kum'mawa mbiri inayenda mwina. Angoni a Maseko, omwe anachokera kumwera kwa Africa n'kukafika mpaka ku Songea ku Tanzania, anabwerera ndi kukhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga. Chikuse atalowa ufumu, ulamuliro wawo unafalikira pamtunda wonse kuyambira ku Angónia ndi Tsangano mpaka ku Ntcheu ndi Dedza. Anabwera ndi midzi ikuluikulu yomangidwa mozungulira khola la ng'ombe, ukwati wa malowolo wotengera mkazi kwa mwamuna, ndi gule wa ingoma. Popeza anakwatira kwambiri akazi a m'derali, ana awo anakula akuyankhula Chinyanja, ndipo Chingoni chinatsalira m'nyimbo ndi m'mayina a ziwongo. N'chifukwa chake ku Tsangano ng'ombe ndi ngolo n'zochuluka, ndipo midzi ya chikamwini imapezeka moyandikana ndi midzi ya chitengwa.

Chikuse anamwalira mu 1891. Chaka chomwecho, pa 11 Juni, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana maderawa. Malire anatsata msana wa mapiri: kumene madzi amatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire kunakhala kwa Angelezi, kumene amatsikira chakumadzulo kupita ku Zambezi kunakhala kwa Apwitikizi. Mzere umenewu unadula dziko la Maseko pakati. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angelezi mu 1896, ndipo mbali ya Mozambique inatsala ndi mafumu ake, monga Zintambira. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu waukulu wa M1 umayenda m'mbali mwenimweni mwa malirewo, moti pamalo ena nyumba za mbali imodzi ya msewu zili ku Malawi, za mbali inayo zili ku Mozambique. Kuyambira nthawi imeneyo, ulendo wokaona azakhali kutsidya la msewu unasanduka ulendo wopita kudziko lina, ngakhale eni ake sanauone choncho.

Amishoni ndi atsamunda

Azungu oyamba kuona mapiriwa ngati malo opumira anali amishoni. Ansembe a chipani cha Yesu omwe ankagwira ntchito m'chigwa cha Zambezi, monga ku Boroma, anataya anzawo ambiri ndi malungo, ndipo anakwera kumtunda kufuna malo a mphepo yabwino ndi anthu ochuluka. Anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia m'zaka za 1908 ndi 1909, koma anachotsedwa boma la Portugal litasintha mu 1910. Anabwerera mu 1941, pambuyo pa pangano la Portugal ndi Vatican la 1940, ndipo mu 1945 anatsegula mishoni ya Fonte Boa, yomwe lero ili m'boma la Tsangano. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Nyasaland nawo anatsegula Mphatso mu 1909, koma Apwitikizi anatseka ntchito yawo mu 1922, ndipo akhristu ake ankaoloka malire kukabatizidwa ndi kukadya mgonero ku Nyasaland.

Pa mishoni pankakhala tchalitchi cha njerwa, sukulu yogonera pompo, chipatala chaching'ono, munda wa zipatso ndi chipinda cha alendo. Kwa zaka zambiri amenewa anali malo okhawo kumene wapaulendo wopanda wachibale akanapeza bedi. Alimi ndi amalonda achipwitikizi anabweranso n'kutenga malo achonde, kutsegula makantini m'mphambano za misewu, ndi kulima mbatata ndi tirigu zogulitsa ku Tete ndi ku Beira. Tauni ya Ulongwe inkatchedwa Vila Coutinho, ndipo Furancungo anali boma la atsamunda la Macanga. Kwa mzungu wotopa ndi kutentha kwa Tete, kumtunda kunali kopumira. Kwa eni nthaka kunali kwa msonkho, ntchito yokakamiza ya chibalo ndi kukwapulidwa ndi mbalamatodya.

Machona ndi chiyambi cha tchuthi

Kuthawa msonkho ndi chibalo kunachititsa amuna ambiri kupita kukagwira ntchito ku Nyasaland, m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, ndi ku Joni. Mu 1913 Portugal ndi Southern Rhodesia anachita pangano lolola kulemba antchito m'chigawo cha Tete. Ena anapitiratu osabwerera, ndipo amenewa ndi amene ankatchedwa machona. Ena ankabwera pakapita chaka kapena ziwiri atanyamula mabulangete, nsalu, njinga ndi makina osokera, n'kukhala masabata ochepa, kufolera nyumba, kugula ng'ombe, kulira maliro omwe anawaphonya, n'kubwerera kuntchito.

Apa ndi pamene panayambira khalidwe loona mudzi ngati malo obwerako kwa kanthawi. Kale munthu ankakhala pamudzi n'kumapita kutali paulendo. Tsopano anayamba kukhala kutali n'kumapita kumudzi paulendo, masiku ake owerengedwa ndi abwana. Tchuthi cha wantchito wa lero wa ku Moatize chinabadwa m'khalidwe limeneli.

Nkhondo ziwiri

Mu Malichi 1968 chipani cha Frelimo chinatsegulanso nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete, polowera ku Zambia, ndipo nkhondoyo inakula pamene damu la Cahora Bassa linkamangidwa kuyambira 1969. Nkhalango za Macanga zinali njira ndi mobisala mwa asilikali omenyera ufulu, ndipo Furancungo anasanduka malo a asilikali achipwitikizi. Atsamunda anasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi yotchingidwa kuti asamadyetse a Frelimo, ndipo misewu inakwiriridwa mabomba.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, alimi ambiri achipwitikizi anachoka, ndipo minda yawo inaphatikizidwa kukhala kampani ya boma yotchedwa Complexo Agro-Industrial de Angónia, yomwe inalinso ndi minda ku Tsangano. Boma latsopano linachotsa mphamvu za mafumu ndi kulimbikitsa midzi ya pamodzi. Pasanapite zaka khumi, nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inafika kumtundaku. Masukulu, zipatala ndi masitolo zinatenthedwa, ng'ombe zinalandidwa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi. Midzi yathunthu inaoloka malire, ndipo panthawi ina Malawi anasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri sanakhale m'misasa koma m'midzi ya abale awo, ena akuona minda yawo yakale kutsidya la msewu. Mwambo wolandira alendo unayesedwa pamlingo womwe unali usanaonekepo, popeza mlendoyu sanali wa usiku umodzi ayi, anakhala zaka.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri zitatu zotsatira anthu anabwerera mwaunyinji. Anabwera ndi ana ophunzira sukulu za ku Malawi, nyimbo za kutchalitchi za ku Malawi ndi chizolowezi chogwiritsa ntchito kwacha pamodzi ndi metikali. Midzi yambiri yomwe ikuoneka lero inamangidwanso nthawi imeneyo. Mtendere sunakhale wopanda zosokoneza. Pa 6 Novembala 2006 achiwembu anapha wansembe wa ku Brazil, Waldyr dos Santos, ndi mtsikana wodzipereka wa ku Portugal, Idalina Gomes, pa mishoni ya Fonte Boa. Mu 2015 ndi 2016 mikangano ya boma ndi Renamo inathamangitsanso anthu zikwizikwi a m'madera oyandikana ndi malire kupita ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo pangano lina linasainidwa mu Ogasiti 2019.

Ulendo wa masiku ano

Zinthu zitatu zachititsa kuti ulendo waufupi wa kumtunda ukhale wotheka. Choyamba ndi ndalama: migodi ikuluikulu ya malasha ku Moatize inayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo mzinda wa Tete unadzaza antchito a malipiro a pamwezi, ambiri mwa iwo ochokera kumapiri komweku. Chachiwiri ndi misewu. Wochokera ku Tete amatsata msewu wa ku Zóbuè n'kupatukira pa Mussacama kulowera ku Ulongwe ndi chipata cha Calómuè, choyang'anizana ndi Dedza, ndipo msewu umenewu umadutsa m'boma la Tsangano. Wochokera ku Malawi amalowera pa Biriwiri m'boma la Ntcheu kapena pa Dedza. Chachitatu ndi njinga zamoto, zomwe zimafika kumene maminibasi otchedwa chapa safika. Misewu yolowa m'midzi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja ina siyendeka.

Alendo ambiri ndi eni dera omwe amabwera pa Khrisimasi, pa Pasaka, pa maukwati, pa zinamwali ndi pa ziliza. Ena ndi amalonda ogula mbatata, nyemba ndi kabichi, omwe amakumana ndi alimi m'misika ya m'malire monga Lizulu ndi pamphambano ya Tsangano. Ku Macanga nyengo yogula fodya imabweretsa antchito a kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe imagula kwa alimi ang'onoang'ono. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo pambuyo pa zokolola ndi pamene Gule Wamkulu amatuluka kwambiri. Bungwe la UNESCO linauzindikira gule ameneyu mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mu Ogasiti Achewa a m'derali amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Angoni nawo chaka ndi chaka amapita ku Umhlangano wa Maseko ku Ntcheu. Wofuna kuona zojambula zakale za pamiyala amaolokera ku Chongoni ku Dedza, komwe malo 127 analowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2006.

Malo ogona olipira amapezeka m'matauni monga Ulongwe ndi Furancungo, ndipo ndi ochepa. Pamudzi mlendo amagonabe kwa wachibale kapena mnzake, ndipo amayenera kudziwika kwa nyakwawa. Kuyambira 2000 lamulo la Mozambique linayambanso kuzindikira mafumu ndi atsogoleri a m'midzi. Manda ndi dambwe salowamo munthu wamba, ndipo gule sajambulidwa popanda chilolezo cha eni mzinda.

Kufanizira ndi midzi ya ku England

Kumayiko ena ulendo wokapuma kumudzi wokongola ndi bizinesi yaikulu. Ku England unakula chifukwa cha njanji ndi tchuthi. Thomas Cook anakonza ulendo wake woyamba wa gulu pasitima mu 1841, kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, ndipo lamulo la 1871 linapatsa antchito masiku opuma ovomerezeka. Midzi ya ku Cotswolds, monga Bibury, inamangidwa ndi miyala panthawi yomwe malonda a ubweya wa nkhosa ankayenda bwino. Mafakitale atasamukira kumpoto kwa dzikolo midziyo inasauka, nyumba zakale zinatsala osagumulidwa, ndipo pambuyo pake anthu a m'mizinda anayamba kulipira kuti akazione. Mu 1966 derali linatetezedwa ndi lamulo chifukwa cha kukongola kwake.

Ku Tsangano ndi ku Macanga zinthu n'zosiyana pa mfundo ziwiri. Nkhondo inagumula zambiri zakale, moti chokopa si nyumba koma mapiri, minda, nyengo ndi miyambo. Komanso midzi ya kuno ndi ya alimi omwe akulima lero, pamene m'midzi ina ya ku England nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu a m'mizinda ongobwera kudzapuma, eni dera n'kulephera mitengo yake.

Chuma cha maboma awiriwa chidakali pa khasu, ngolo ndi msika. Ndalama zobwera ndi alendo okaona malo n'zochepa poyerekeza ndi za mbatata ndi fodya, ndipo sizingakule popanda misewu yoyendeka chaka chonse, malo ogona aukhondo ndi chitetezo cha nkhalango zomwe zikutha chifukwa cha makala, minda yatsopano ndi zigafa za fodya. Mpaka izi zitachitika, ulendo wa kumidzi ya Tsangano ndi Macanga ukhalabe wodalira chibale, chinansi ndi chilolezo cha nyakwawa.